Musanakwere Boti la ku Siavonga

Zimitsani kaye nyimbozo, adzukulu anga, mubwere kuno pansi pa mango. Iwe wa ku Chelstone, koka mpando uwo. Iwe wa ku Kabwata, mkazi wanga wamng'ono, ika foniyo pansi, ilibe miyendo. Zikwama zanu ndaziona pakhondepo, ndipo ndasuzumiramo. Musandiyang'ane choncho, nyumba ino ndi yanga. Ndapezamo sipika yaikulu ngati mwana wa mbuzi, zovala zosinthira zitatuzitatu, nsapato za gogoda, mafuta onunkhira, ndi kandodo kaja kamene mumajambulira nkhope zanu. Cooler box ya mkulu wanu yadzaza Mosi mpaka chivundikiro chikukana kutseka. Madzi akumwa ndawerenga mabotolo anayi, ang'onoang'ono aja. Anthu khumi ndi anayi, mabotolo anayi, mwezi wa October, ulendo wa ku Siavonga. Wakulangizani ndani?

Mwalongedza ngati mukupita ku phwando ku Kabulonga, kumene ludzu likakugwira umatuma mwana ku shopu, kukazizira umalowa m'nyumba, ukatopa umaitana takisi. Sindikudabwa nanu, pakuti madzi amene mwakula mukuwaona ndi a Goma Lakes ku yunivesite, ndi aja amadzaza m'misewu ya ku Kanyama mvula ikagwa. Nyanja ya Kariba ndi chinthu china. M'litali mwake ndi makilomita oposa 220, ndipo m'malo ena kuchoka gombe lino kufika tsidya lina ndi makilomita 40. Boti likangochoka pamchenga, chimene mwanyamula ndicho muli nacho. Chimene mwaiwala pa Makeni chatsala pa Makeni.

Ine zimenezi ndinaziphunzira kukhosi kutauma gwa. Munali mu October momwe muno, chaka cha 1991, kutatsala masiku ochepa kuti tikaponye voti ija inachotsa a Kaunda pampando. Kuntchito kwathu, kumene ndinkakonza malole, tinasonkha ndalama kuti tikaone nyanja pa tchuthi cha Independence. Tinalipo khumi ndi awiri. Amunafe tinagula makireti atatu a mowa ndi nyama yootcha, tikudziona ngati mabwana. Agogo anu aakazi, amene akusankha nyemba apowa ngati sakumva, anatuluka m'nyumba ndi chikwama cha ukwa chotupa, chigubu cha malita 20 chili pamutu. Tinawaseka kuchokera pano mpaka pa mlatho wa Kafue. Mnzanga wina anati, "Alamu, kodi mukusamukira kumudzi?" Wina anati, "Munthu n'kutengera madzi kunyanja?" Ine mwamuna wawo manyazi anandigwira, ndipo titafika ndinawanong'oneza kuti chigubucho chitsale m'basi. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuchisenza.

Tinanyamuka cha m'ma 10 koloko, nyanja ili zii, yosalala ngati mbale. Tinakadyera pa kachilumba kena. Pobwerera, cha m'ma 2 koloko, tinangomva kuti gu! pansi pa boti. Injini inayamba kulira mokweza, koma boti osayenda. Puropela inali itagunda chitsa chobisika m'madzi, ndipo kachitsulo kamene kamaigwira kanali katathyoka. Kachitsulo kake n'kochepa ngati msomali, ndipo amakapanga dala kuti kazithyoka iko m'malo moti injini yonse iwonongeke. Woyendetsa wanzeru amayenda ndi tingapo m'thumba. Wathuyo analibe ngakhale kamodzi. Ine makanika wa zaka zambiri, amene ndikanasula kena ndi msomali, ndinalibe msomali, ndinalibe pulayala, ndinali ndi chotsegulira mabotolo basi. Nkhafi inali imodzi. Mafoni a m'manja nthawi imeneyo kunalibe.

Pofika 4 koloko, aja anamwa kwambiri ndiwo anayamba kupempha madzi, ndipo woyamba anali yemwe uja anafunsa za kusamukira kumudzi. Agogo anu sanamubwezere mawu. Anatulutsa kapu ya pulasitiki n'kuyamba kugawa, theka la kapu munthu aliyense, kuyambira mayi wina amene anali ndi pakati. Anatulutsa zitenje zinayi, tinazimanga pamwamba pathu zikhale mthunzi. Dzuwa litalowa kunabwera mphepo, mafunde anayamba kutiwaza, ndipo ife amene masana tinkapsa tinayamba kunjenjemera. Zitenje zomwe zija tinafunda. M'chikwama muja munatulukanso nshawa zokazinga ndi mbatata yophika. Pomaliza munatuluka tochi. Ndiyo inatipulumutsa, chifukwa asodzi a kapenta amene ankapita kukagwira ntchito yawo ya usiku anaona kuwala kukugwedezeka pamalo pamene sipayenera kukhala kuwala, anatipeza, natikoka mpaka kugombe. Inali itadutsa 8 koloko.

Palibe anamira, palibe anavulala, ndipo nyuzipepala sinalembe. Tinalipira maola anayi, nyanja inatisunga khumi. Ndiye chikwama chimene ndikufuna mulongedze usiku uno ndi cha maola asanu ndi limodzi owonjezerawo, amene simunalipire ndipo simukuwayembekezera. Maola anayi achisangalalo adzisamalira okha.

Tiyambe ndi madzi. Kuno ku Lusaka tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere. Mawa mukadutsa Chilanga ndi Kafue, n'kufika pa Turnpike, msewu wa ku Chirundu uyamba kutsika mapiri, ndipo makutu anu atseka ngati mwalowa madzi. Pofika ku Siavonga mudzakhala mutatsika mamita pafupifupi 800. Kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi mwezi uno kumafika madigiri 40, nthawi zina kupitirira. Pa boti simukumva bwino kutenthako chifukwa kamphepo kamakunyengani: thukuta limauma lisanaoneke, ndipo munthu amangodabwa mutu ukuwawa, maso akuchita chidima. Munthu aliyense malita atatu. Iwe wophunzira za akaunti, 14 kuchulukitsa ndi 3? Eya, 42. Ndiye zigubu ziwiri za malita 20, kuwonjezera mabotolo anu anayi aja. Zigubuzo zili kuseri kwa khitchini, muzitsuke ndi sopo.

Mabotolo amene mungapeze, dzazani, koma musadzaze mpaka pakamwa, muwaike mufiriji aume ngati mwala. Akhala ayisi wanu m'mawa ndi madzi ozizira masana. Izi ndikunena ngati magetsi abwera. Mukumbukira 2024, chilala chitachepetsa madzi a m'nyanja, pamene tinkakhala tsiku lathunthu magetsi akubwera maola atatu okha, pakati pa usiku. Mawa mukaona ndi maso anu madzi amene amatiyatsira ndi kutizimitsira nyale. Ngati mugula ayisi panjira, gulani wa chibuluma chimodzi chachikulu. Tizidutswa tating'ono tija timasungunuka musanafike pa Lusitu. Cooler box ikhale pamthunzi, muifundike chitenje chonyowa, ndipo isamatsegulidwe mphindi iliyonse.

Ndikuona mkulu wanu akumwetulira, akuti mowa nawo ndi madzi. Mowa umatulutsa madzi ambiri m'thupi, n'chifukwa chake womwa amayenda kawirikawiri kuseri. Pamtunda woledzera akagwa amadzuka ndi fumbi, n'kumasekedwa. Pa boti akaimirira m'mphepete kuti ataye madzi, boti n'kupendama pang'ono, palibe choseketsa. Sindikuletsani, ndinu akuluakulu, ndipo inenso ndinamwapo wokwanira moyo wonse. Koma theka la mabotolowo litsale m'basi, mukamwe mapazi ataponda mchenga. Ndipo anthu awiri mawa asalawe ngakhale dontho: woyendetsa boti ndi woyendetsa basi. Mukaona woyendetsa boti ali ndi botolo m'manja, musamupatse lina pofuna kuoneka okoma mtima.

Madzi a m'nyanja musamwe, ngakhale aoneke oyera chotani. Kolera ya mu January 2024, imene inasandutsa Heroes Stadium kukhala chipatala, simunaiiwale. Tengani kapepala ka mchere ndi kena ka shuga. Wina akafooka ndi dzuwa kapena akatsegula m'mimba, sungunulani masupuni ang'onoang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi, azimwa pang'onopang'ono ali pamthunzi.

Zakudya sindinena zambiri. Nyamulani zosavunda msanga: nshawa, vitumbuwa, mazira owiritsa, chimanga chophika, nthochi, nkhuku yokazinga mpaka kuuma. Saladi ya mayonezi imene azakhali anu a ku Woodlands akutumizirani mudyere m'basi m'mawa, ikafika masana pa dzuwa lija isanduka mankhwala otsegula m'mimba, ndipo maboti ang'onoang'ono alibe chimbudzi. Mukagula chibwantu panjira, ndipo mugule, Atonga amachidziwa, musamange chitsekero mwamphamvu. Chimapitiriza kuwira ndi kutentha, chidzakusambitsani. Mbaula ndaiona kuseri kwa chitseko. Imeneyo sikwera boti. Makala amoto ndi thanki ya petulo sizikhala pamodzi pa chinthu chogwedezeka. Mukaotchere pamtunda.

Tsopano iwe mkazi wanga, gogoda uyu. Pansi pa boti pamakhala ponyowa, ndipo pokwera umaponda thabwa limene likuyenda. Mapatapata nawonso amaterera, ndipo akagwera m'madzi munthu amawerama kuti awatole, osaganiza. Vala nsapato zansalu zamphira kunsi, zomanga ndi zingwe. Jinzi isiyeni nonse: ikanyowa imalemera ngati thumba la simenti ndipo siuma mpaka mawa lake. Valani zopepuka, malaya a manja aatali, oyera kapena owala. Ndikudziwa mukufuna kuonetsa mapewa pa zithunzi. Jambulani m'mphindi khumi zoyambirira, kenako muvale. Amene anakuuzani kuti khungu lakuda silipsa ndi dzuwa sanakhalepo pamadzi tsiku lonse, pamene dzuwa limakuomba kuchokera kumwamba ndi kuchokera pansi, madzi akulibweza ngati kalilole. Ine mphuno inasupuka sabata yathunthu. Mnzanu wachialubino uja amene mumayimba naye kwaya, ngati akubwera, mpatseni malo a pansi pa denga popanda iye kupempha, ndipo mafuta ake oteteza ku dzuwa azidzola mobwerezabwereza, inunso mupempheko. Chipewa chikhale cha mlomo waukulu ndi chingwe cha pachibwano. Wigi imeneyo, imene mtengo wake ndikuopa kufunsa, uimange ndi duku, apo ayi idzafika ku Zimbabwe iwe usanafikeko.

Chitenje aliyense chimodzi, anyamata omwe. Mwamva kale ntchito yake. Ndi juzi yopepuka, muikulunge m'pepala la pulasitiki. Mukuseka, juzi mu October. Ifenso tinaseka.

Apa tsopano khalani chete, ndinene chimene chandichititsa kukuitanani. Pa 24 October 2014, tsiku limene dziko lino linkakondwerera zaka 50 za ufulu, boti linagubuduzika pa nyanja yomweyi, m'boma la Gwembe. Anthu 26 anamira, ambiri a iwo ana a sukulu amene ankapita ku chikondwerero. Ife kuno tinali pa wailesi ya kanema kuonera asilikali akuguba. Ena a inu munali a msinkhu womwewo. Mawa ndi tsiku lomwelo, nyanja yomweyo.

Laifijaketi simunayigule, ndipo simungaipeze usiku uno. Eni boti ayenera kukhala nazo. Koma musanapereke ndalama yotsala, iwe wamkulu upite wekha ukaziwerenge ndi manja ako. Osamva zakuti "zilimo, bwana, zili pansi pa mpando." Azitulutse. Ziyenera kukwana anthu onse, ndipo iliyonse muione: zingwe zake zilipo, zomangira zikugwira, nsalu sinang'ambike? Ambiri amazisandutsa mapilo okhalira mpaka zimaphwatalala. Ukavala, mnzako aikoke m'mapewa kupita m'mwamba. Ikafika m'makutu ndiye kuti ndi yaikulu, ndipo m'madzi idzavuka yokha. Mwana wa mlongo wanu wa zaka zisanu uja, ngati palibe ya msinkhu wake, iye ndi mayi ake atsale pagombe adye ayisikirimu. Alira, aleka. Ndipo muzivale boti lisananyamuke. Boti likamagubuduzika silipereka nthawi yofufuza pansi pa mpando.

Iwe wa ku Chelstone ukuti umatha kusambira. Umatha m'dziwe la sukulu, pamene khoma lili pafupi, pansi pakuoneka, ndipo wavala kabudula yekha. Sunasambirepo utavala zovala, mafunde akukumenya kumaso, anthu atatu osadziwa kusambira akukukakamira m'khosi. Vala nawenso. Ukavala iwe, ang'ono ako sachita manyazi.

Muwerengenso anthu. Funsani kuti botilo limanyamula angati, ndipo pa maboti ambiri nambala yake inalembedwa. Tsiku la tchuthi anthu amachuluka pagombe, eni maboti amafuna ndalama, ndipo mudzamva, "Awiri okha awa, tipanikizane." Mukaona kuti m'mphepete mwa boti mwatsala pang'ono kukhudza madzi, tsikani, ngakhale ndalama isabwezedwe. Anthu adzang'ung'udza, wina adzati ana a ku Lusaka ndi amantha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndingakonde kukubwezerani makwacha anu kuchokera ku penshoni yanga.

Woyendetsayo kumeneko amamutcha kokiseni. Mulankhule naye mwaulemu, ndi bambo wa eni, ndipo nyanja amaidziwa kuposa inu nonse pamodzi. Mupatseni moni m'chinenero chake: m'mawa mumati "Mwabuka buti," akayankha "Kabotu," ndipo pothokoza mumati "Twalumba." Mukatero mungathe kumufunsa mafunso anga popanda iye kuona ngati mukumuyesa. Mafuta alipo okwanira? Lamulo la akale ndi lakuti gawo limodzi mwa atatu lopitira, lina lobwerera, lachitatu losakhudza. Nkhafi zilipo ziwiri? Nangula ndi chingwe chake? Chokapira madzi? Tizitsulo tija ta puropela? Wodziwa ntchito amakondwa ndi mafunso otere ndipo amakuonetsa. Amene akwiya wakuyankhani kale. Akakuuzani kuti lero mphepo siili bwino, tidikire kapena tisapite kutali, musamukakamize chifukwa mwachokera kutali. Mwezi uno mitambo ya mvula yoyamba imatha kusonkhana masana, ndipo nyanja imene inali ngati mbale imasanduka mapiri musanamalize nyimbo imodzi.

Wina akagwera m'madzi, musadumphiremo nonse. Womira sakuwa ngati a m'mafilimu. Pakamwa pake pali pa ntchito yofuna mpweya, amangomira mwakachetechete, ndipo womufikira amamukwera pamutu. Mmodzi amuloze ndi chala osachotsapo diso, ena amuponyere choyandama. Chigubu chopanda kanthu chotsekedwa bwino chimanyamula munthu wamkulu mutu uli pamwamba. Ndiye chigubu choyamba chikatha madzi, chitsekeni, mumangirire chingwe pa chogwirira chake, chikhale pafupi. Chingwe tengani chija choyanikira zovala, agogo anu andikhululukira. Boti likagubuduzika koma likuyandama, gwiritsitsani botilo. Gombe limaoneka pafupi nthawi zonse, ndipo ofuna kukupulumutsani amaona boti msanga kuposa mutu wa munthu.

Za mankhwala ndinena ndikuyang'ana kumwamba, kuti wina asaganize kuti ndikunena iye. Aliyense amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a BP, a khunyu, kapena aja a nthawi yake yosaphonya, atenge a mawa ndi a mkuja, awaike m'kabotolo kotseka, m'thumba la chovala chimene wavala. Asawasiye m'basi poganiza kuti pofika 6 koloko tidzakhala titabwera. Wa mphumu, kopopera kako kakhale pa thupi lako. Onjezani Panadol, mapulasitala ndi bandeji imodzi. Amene amachita nseru m'basi adzachitanso pa boti: adye pang'ono m'mawa, atafune jinja, akhale pakati pa boti, ndipo aziyang'ana kutali, ku mapiri a tsidya lija, osati pa foni.

Mafoniwo muwaike m'timapepala tapulasitiki totseka pakamwa, ngakhale pepala la buledi lomanga mfundo limathandiza. Imodzi mwa mafoni khumi ndi anayiwo izimitsidwe ikadali yodzaza, isajambule, isayimbe nyimbo, ikhale ya pangozi. Mulembemo nambala ya eni boti a pamtunda, ndipo muilembenso papepala. Netiweki pamadzi imabwera ndi kupita, nthawi zina foni imakoka ya ku Zimbabwe. N'chifukwa chake musananyamuke mundiimbire, mundiuze dzina la boti, kumene mukulowera, ndi nthawi yobwerera. Ikadutsa nthawiyo ndi ola limodzi ndisanamve mawu anu, ndiyamba kusokosera anthu, ndipo mukundidziwa. Makiyi a basi atsale ndi dalaivala pamtunda. Ndalama zina zikhale za m'manja, zosinthasintha; msodzi amene angakukokeni usiku simudzamuuza kuti dikirani netiweki. Reji aliyense atenge. Malire a dziko lino ndi Zimbabwe amadutsa m'madzi momwemo, mopanda chikwangwani, ndipo mukafuna kukaona khoma la damu mudzadutsa pa ofesi ya olowa ndi otuluka.

Mukaone khomalo, musabwere osaliona. Ndi lalitali mamita 128, analimanga kuyambira 1955 mpaka 1959, ndipo kampani imene inagwira ntchitoyo inali ya ku Italy. Koma mukamayandama pamwamba pa madziwo, nyimbo zikugunda, mudziwe chimene chili pansi panu. Chitsa chija chinatithyolera kachitsulo ka puropela sichinamere m'nyanja. Unali mtengo wa tsanya, umene kuno amati mopane, wa m'nkhalango imene inamizidwa. Malo ena anagwetsa mitengo ndi mathirakitala okoka maunyolo kuti asodzi adzaponye maukonde, koma yambiri inatsala chiimire, ndipo tsanya savunda msanga. Madzi akatsika, zitsa zimene zinali pansi zimafika pafupi ndi mimba ya boti. Pansi pomwepo pali minda, mabwalo ndi manda. Atonga okwana 57,000, mbali ino ndi mbali ya Zimbabwe, anasamutsidwa kuti nyanjayi ikhalepo. Mu 1958 anthu a Mfumu Chipepo atakana kuchoka, apolisi a boma la atsamunda anawombera, ndipo amuna asanu ndi atatu anafa. Ena anawakweza m'malole n'kukawatula ku Lusitu, dera louma lija mudzadutse mawa, la milambe ndi mbuzi, kumene amayi amagulitsa malambe m'mphepete mwa msewu. Nyama zakuthengo zinapulumutsidwa ndi maboti pa ntchito ija anaitcha Operation Noah, ndipo dziko lonse lapansi linaombera m'manja. Magetsi anapita ku migodi ya ku Copperbelt.

Pagombe adzakugulitsani tizosema ta Nyaminyami, wa mutu wa nsomba ndi thupi la njoka, amene eni dera amati ndi mwini Zambezi. Madzi osefukira a 1957 ndi 1958 ataononga ntchito ya damu, iwo anati ndi mkwiyo wake. Ine ndine mkulu wa mpingo, sindivala zimenezo m'khosi. Koma sindinasekepo munthu wa kumeneko akamazinena, ndipo inunso musakaseke. Kokiseni wanuyo mwina manda a agogo ake muwadutsa pamwamba. Tengani thumba la zinyalala, ndipo botolo lililonse limene lakwera boti litsikenso.

Kusambira, ayi. Kaya kutenthe bwanji, kaya muone azungu akudumpha kuchokera pa maboti awo ogonamo. Ng'ona za ku Kariba ndi zambiri ndipo ndi zazikulu, ndipo imene ikukuonani simuiona. Mikono ndi miyendo ikhale m'kati mwa boti, makamaka pafupi ndi gombe ndi m'malo a udzu. Mafupa a nkhuku musataye m'madzi pamene mwaima. Mvuu mukaziona, musapemphe kokiseni kuti ayandikire kuti chithunzi chioneke bwino. Mvuu ya mwana imatha kugubuduza boti. Palinso mdani wina wosaoneka. M'madzi osaya, a zomera, mumakhala nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo timalowa pakhungu pomwe, ngakhale mwangoviika mapazi. Kwathu ku Katete tili anyamata tinkakodza magazi n'kumati ndiko kukula. Kunali kudwala. Wina akaviika miyendo, pakapita masabata n'kuona kutentha thupi kapena magazi m'mikodzo, apite kuchipatala akanene kuti anali ku Kariba. Mankhwala ake alipo, praziquantel, ndipo sachedwa. Chimodzimodzi malungo. Udzudzu wa m'chigwa si wa ku Woodlands. Tengani mafuta othamangitsa udzudzu, ndipo amene adzamve kuphwanya m'thupi sabata yamawa kapena inayo akayezetse magazi tsiku lomwelo, asayambe ndi kunena kuti ndi kutopa.

Kubwerera, muchoke ku Siavonga 4 koloko isanakwane. Ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo mapiri aja mudzakwere nawo pamodzi ndi malole ochokera ku Chirundu. Ndagwira ntchito ya malole zaka makumi atatu, ndikudziwa mabuleki ake mmene amakhalira akatentha, ndipo ndakokapo ambiri pa Kapiri Ngozi. Dzinalo silinaperekedwe mwamasewera. Muwadutse kukuwala.

Sipika mutenge, koma yaing'ono ija; yaikuluyi ikudya malo a chigubu, ndiponso kokiseni ayenera kumva injini yake ndi kumva munthu akafuula. Zovala zosinthira zitsale m'basi, mudzazifuna zouma pobwera. Iwe wa ku Chelstone, lowa kuchipinda kwanga, pansi pa bedi pali bokosi lachitsulo. Utengemo tochi yakuda, pulayala, kampeni kopinda, ndi wezulo wa mpira amene ali m'kachitini. Mabatire atsopano ali pawindo. Tochiyo uiyese pompano ndikuona, ndipo ibwere, chifukwa ya Khirisimasi ija sinabwere.

Agogo anu akuti chikwama cha ukwa chili pamwamba pa kabati, ndipo zitenje asankha okha, musakhudze za ku tchalitchi. Akutinso mubwere ndi kapenta wa ku Siavonga, wouma bwino, osati wa mchenga. Nsomba imeneyo kwawo ndi ku Tanganyika, anachita kuibweretsa ku Kariba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma iwo amalimbikira kuti wa ku Siavonga ndiye wokoma kuposa wa ku Mpulungu, ndipo ine ndinaleka kutsutsana nawo mu 1991. Nyamukani, magetsi abwera, kadzazeni mabotolo asanapitenso.